MITENGO INALI YA BOMA, MATOPE NDI ATHU

Abale anzanga a m'Kabula muno, chaka chilichonse pa 15 Disembala boma limatsegulira nyengo yobzala mitengo, ndipo nyengoyi imatha pa 15 Epulo. Mwambo wake mumaudziwa kale. Kumabwera anduna kapena abwana a kampani atavala jombo zatsopano, zoti sizinapondepo matope chigulireni. Dzenje amakhala atakumba kale anyamata dzulo lake. Abwana amalandira khasu, amawerama pang'ono, ojambula amajambula, amayi amaimba, malaya olembedwa amagawidwa, zakumwa zimatsegulidwa. Madzulo ake timamva pawailesi kuti chaka chino Malawi abzala mitengo mamiliyoni akutiakuti.

Ine funso langa ndi limodzi basi. Kodi mitengo imeneyi imapita kuti? Taimani pamsika wa Ndirande mukweze maso. Mukuona chiyani? Miyala, timinda ta chimanga, ndi nyumba zimene zikukwerabe phiri ngati mbuzi. A ku Zingwangwa tayang'anani phiri la Soche. A ku Bangwe tayang'anani phiri lanu ndi la Mpingwe. A ku Machinjiri inu ndiye mumaliona phiri la Ndirande chakumsana, ndipo nakonso ndi mpala. Ikanakhala kuti mitengo yonse imene takhala tikubzala pawailesi inamera, bwenzi lero tikusochera m'nkhalango popita ku Limbe.

Ife amene tinabadwa matipate atabwera kale, nkhalango ya Ndirande timangoimva ngati nthano. Makolo athu amati phirilo linali bii ndi mitengo ya paini, moti masana dzuwa silinkafika pansi. Ati kunkazizira, kunali bowa, kunali anyani, ndipo mtsinje wa Nasolo unkayenda madzi oti munthu n'kuchapira malaya oyera. Lero mukamuuza mwana wa ku Ndirande kuti mu Nasolo munali madzi oyera, akufunsani kuti mwamwa chiyani.

Mapiri amenewa sanasungike mwangozi. Atsamunda ndiwo anayamba kuwaika m'gulu la nkhalango zotetezedwa m'zaka za m'ma 1920, Ndirande ndi Soche ali momwemo. Michiru uko, kumtunda kwa Chilomoni, anakhazikitsidwa kukhala malo osungirako zachilengedwe mu 1975. Nthawi ya Kamuzu kunali tsiku lobzala mitengo pa 21 Januwale, ndipo ana asukulu ankanyamula mbande kaya akufuna kaya sakufuna. M'zaka za m'ma 1980 kunabweranso ntchito yaikulu yobzala bulugamu kuzungulira Blantyre, ndi thandizo la dziko la Norway, cholinga chake kuti anthu a mumzinda azipeza nkhuni osagwetsa mitengo yachilengedwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene akuluakulu akamasimba za kukongola kwa phiri amachinena motsitsa mawu. Nkhalango imeneyi inkasungidwa ndi mantha. Munthu wa ku Ndirande sankaiona ngati yake. Inali ya boma, ndipo boma la nthawi imeneyo silinali loti n'kulifunsa funso. Mayi akapezeka ndi nkhwangwa m'phiri ankalandidwa, mwina n'kulipitsidwa. Mitengo ikakhwima ankacheka ndi ena, ndalama zinkapita kwina. Iye amene ankagona patsinde pa phiri phindu lake linali mthunzi basi.

Ndiye zinthu zinasintha. Pa 14 Juni 1993 a Malawi anavota kuti kukhale zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana chisankho. Mantha atachoka, panalibe china chimene chinatsala cholondera phiri. M'zaka zochepa zokha za pakati pa ma 1990, phiri la Ndirande linametedwa. Anthu ankati ndi demokalase, mitengo inali ya Kamuzu, Kamuzu wapita. Ena ankadula kuti aphikire, ena kuti aotchere njerwa, ena anabwera ndi macheka ndi malole. Andale a mbali zonse anangoti chete, poti wodula mtengo aliyense anali ndi voti m'thumba.

Sindikunena kuti tibwerere ku chipani chimodzi, ayi. Amene anakhalamo m'nthawi imeneyo akudziwa zimene ankaona. Ndikungonena kuti mlonda wakale uja tinamuchotsa, koma sitinaike wina m'malo mwake. Zaka zoposa 30 zapita, ndipo mpaka lero mukafunsa kuti phiri la Ndirande mwini wake ndani, a khonsolo ya mzinda aloza a dipatimenti ya zankhalango, a zankhalango aloza mafumu, mafumu aloza andale, andale aloza kumwamba.

Tsono phiri silikwiya msanga, koma ngongole yake limatolera. Tiyambe ndi madzi. Damu la Mudi, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, limadalira madzi otsika m'phiri la Ndirande. Phiri lokhala ndi mitengo limamwa mvula pang'onopang'ono n'kumaitulutsa chaka chonse m'timitsinje. Phiri lampala silisunga kanthu. Mvula ikagwa lero, madzi onse amatsika lero lomwe, atanyamula dothi, n'kukalitaya m'damu. Damu limadzaza matope, madzi amachepa, ndipo otsalawo amafuna mankhwala ambiri kuti ayere.

Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera chitunda njira yonse. Atachepabe, a Blantyre Water Board anakatenga ena ku Likhubula, kuphiri la Mulanje, ntchito imene inatha mu 2019. Tangoganizani abale. Mzinda wa anthu oposa 800,000, monga anatiwerengera mu 2018, wozunguliridwa ndi mapiri mbali zonse, ukukapempha madzi kuphiri la eni ake. Mayi amene amadzuka 3 koloko m'bandakucha kukandandika zigubu pampopi ku Bangwe akulipira ngongole ya mitengo imene mwina sanaione n'komwe.

Magetsi nawonso nkhani yake ndi yomweyo. Makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri ndi m'minda limakathera komweko n'kumatsamwitsa makinawo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mumdima woposa chaka. Magetsi akathima timathamangira makala. Makala akagulidwa, mitengo ina imagwa. Mitengo ikagwa, dothi limapita ku Shire, magetsi n'kuthimanso. Tikungozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake.

Izi zonse n'zazing'ono tikayerekeza ndi zimene zinachitika pakati pa 12 ndi 13 Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, ndipo phiri la Soche linatsika. Matope, miyala yaikulu ngati nyumba, zonse zinadutsa m'makomo a anthu ku Chilobwe ndi ku Manje. Mabanja athunthu anapita. Anthu ankakumba ndi makasu ndi manja kufunafuna abale awo. Kunyumba yachisoni ya chipatala cha Queen Elizabeth malo anatha. M'dziko lonse boma linawerenga anthu oposa 600 omwe anafa, ndi ena oposa 500 omwe sanapezeke. Aliyense wa ife m'makomboni muno ali ndi wina amene ankamudziwa, wa kutchalitchi, wa kusukulu, wa kumsika.

Tinene chilungamo, mvula ya Freddy inali yoposa muyeso, ndipo napolo sanayambe lero. Ku Zomba anatsika mu 1946, ku Phalombe mu 1991, mitengo ili yambiri kuposa lero. Munthu asakunamizeni kuti mtengo ungaletse namondwe. Koma mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa ukali wa madzi, ndipo chachikulu n'chakuti pamene pali nkhalango sipakhala nyumba. Njira imene madzi ndi miyala zinadutsa ku Soche, kale inali tchire. Lero ndi ploti ya munthu. Chenjezo tinalandira kale mu Januwale 2015 pamene madzi anakokolola nyumba ku Chilobwe komweko. Tinalira, tinaika maliro, tinabwereranso kukamanga pomwepo. Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ife ndiye tamva kawiri.

Koma musafulumire kumuloza chala munthu womanga m'phiri. Palibe amene amakonda kunyamula ndowa ya madzi kukwera chitunda tsiku ndi tsiku. Lendi yakwera, maploti a khonsolo saoneka, ndipo akaoneka amapita kwa amene ali ndi nyumba zitatu kale. Ndiye wina akabwera n'kunena kuti ndikugulitsa malo kumtundaku mtengo wozizira, bambo wa ana asanu atani? Funso likhale kwa wogulitsayo. Malo a nkhalango yotetezedwa amagulitsa bwanji? Anamupatsa ndani? Nanga amene amalandira malipiro kuti aziyang'anira malowo anali kuti pamene maziko ankakumbidwa, njerwa zikuumbidwa, malata akukhomedwa? Nyumba simera usiku umodzi ngati bowa.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa kwambiri, ku Michiru. Phiri limeneli ndilo linatsala. Pamene Ndirande ndi Soche ankametedwa, Michiru anapirira ndi mitengo yake yachilengedwe, masuku, anyani, agwape, afisi ndi mbalame zamitundumitundu. Ana asukulu a mu Blantyre ambiri nkhalango yeniyeni anaionera kumeneko, popita ndi makalabu a zachilengedwe. Akhristu amakwera Njira ya Mtanda kuchokera ku Chilomoni kukapemphera. Mwana wa ku Chilomoni amene makolo ake sangakwanitse kumutengera ku Liwonde kapena ku Nyika, paki yake inali imeneyi, yoyenda wapansi.

M'zaka zaposachedwapa, makamaka cha m'ma 2023 ndi 2024, nkhwangwa zinalowa ku Michiru mwankhanza, utsi wa mauvuni a makala ukuoneka masanasana. Eti chaka chomwecho chimene tinaika maliro a Freddy! A Chilomoni, tamverani. Zimene zinachitika ku Chilobwe sizinali za anthu a ku Chilobwe okha. Phiri ndi phiri. Likavulidwa limatsika, ndipo silifunsa kuti pansipa pagona wodula kapena wongoonerera.

Nanga wodulayo amadulira ndani? Apa ndiye tiyang'anane m'maso. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. M'tauni muno ngakhale nyumba zokhala ndi magetsi zili ndi mbaula pakhonde, poti magetsi ndi odula komanso ndi osadalirika. Mnyamata amene mumakumana naye m'mawa akukankha njinga ya matumba atatu, thukuta lili kamukamu, sakudulira mkazi wake. Akudulira ine ndi inu. Nsima imene tadya dzulo yapsa ndi mtengo wa ku Neno, wa ku Mwanza, wa ku Chikwawa, mwina wa ku Michiru komweku. Ife timagwira ndalama, iye amagwira nkhwangwa.

Lamulo lilipo. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 aphungu analikhwimitsa, zilango zinakwera. Koma taonani amene amagwidwa. Wanjinga ndiye amalandidwa thumba ndi njinga yomwe. Nanga makala odzaza m'misika ya Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, onsewo anabwera panjinga? Malole amadutsa pati, m'mlengalenga? Ukonde umene umagwira matemba n'kusiya kampango, asodzi amati ngwong'ambika.

Ku Lilongwe anayesa njira ina. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a mzindawo. Mfuti imathandiza pamene ilipo, koma msilikali sangagone pansi pa mtengo uliwonse. Taona kale ku Ndirande kuti nkhalango yosungidwa ndi mantha imatha tsiku limene mantha atha. Ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala oposa 50,000 inadyedwa ndi macheka ndi moto boma likuona. Ku Mulanje, mkungudza, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu m'phiri lake lomwe. Konseko nyimbo ndi imodzi: za boma zilibe mwini.

Komabe si konse kumene kwalephereka. Pitani ku Majete, ku Chikwawa kuno. Pofika m'zaka za m'ma 1990 nyama kumeneko zinali zitatha, njovu ndi imodzi yomwe kunalibe. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowo. Anamanga mpanda, analemba alonda n'kumawalipira, anabwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango, ndipo anthu a m'midzi yozungulira anayamba kupezako ntchito ndi kuonako phindu. Lero alendo amachoka kunja kudzaona Majete. Sindikuti tibweretse mikango ku Soche, a Zingwangwa musadzidzimuke. Phunziro n'lakuti malo amachira akakhala ndi munthu wodziwika amene angafunsidwe, mlonda amene walipidwa, ndi anansi amene akudyapo.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa, aliyense atolepo zake.

Choyamba, tisiye kuwerenga mitengo mu Januwale. Tiziwerenga mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, mbuzi zitadutsa, lupsa litayaka. Kampani kapena nduna imene inabzala mbande 10,000 pamaso pa ojambula ibwerenso ndi ojambula omwewo idzationetse kuti zatsala zingati. Kubzala n'kwa tsiku limodzi, koma mbande imafuna kupalira, kulambulira njira zotchinga moto ndi kulondera kwa zaka zitatu kapena zinayi. Ndalama ya malaya ndi zakumwa ija ikhoza kulipira achinyamata angapo osamalira mbande chaka chathunthu.

Chachiwiri, phiri ligawidwe kwa olisamala, osati kwa omangamo. Mpingo wakuti, mzikiti wakuti, sukulu yakuti, gulu la amayi a banki m'khonde, timu ya mpira ya m'dera, aliyense apatsidwe chigawo chake, dzina lilembedwe pachikwangwani, pakhale pangano lolembedwa ndi a zankhalango. Lamulo la 1997 lomwe lija limalola kuti anthu azisamalira nkhalango mogwirizana ndi boma. M'panganomo zilembedwe poyera kuti nkhuni zouma, udzu, bowa, uchi wa m'ming'oma ndi nsungwi n'za osamalawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene akudziwa kuti ming'oma yake ya njuchi ili m'chigawo chimenecho, wodula mtengo sangamudutse.

Chachitatu, si paliponse pofunika mbande zogula. Mitengo yathu yachilengedwe ili ndi khalidwe labwino: chitsa chikasiyidwa osatenthedwa, osazulidwa, chimaphukira chokha, ndipo chimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale. Ku Michiru zitsa zikadali zamoyo. Chofunika n'kuthamangitsa moto, khasu ndi nkhwangwa kwa zaka zingapo, phiri lidzadziveka lokha. Koma tikachedwa, zitsazo zizulidwa n'kuotchedwa makala, pamalopo padzalidwa chimanga, kenako pabwera maziko. Zikafika apo ndiye kuti tapanga Ndirande wachiwiri.

Chachinayi, khonsolo ijambule mzere m'phiri lililonse woti kumtunda kwake munthu asamange, ndipo mzerewo uoneke ndi maso, ukhale wa mitengo kapena zipilala, osati wa pamapu a mu ofesi. Koma mzere wopanda maploti kumunsi ndi nkhanza chabe. Amene ali m'njira ya madzi apatsidwe malo enieni, okhala ndi msewu ndi mpopi, pafupi ndi kumene amapeza ganyu. Mukamutaya munthu kutali ndi msika, mawa lomwe abwerera kuphiri.

Chachisanu n'cha kukhitchini. Kuletsa makala osapereka china chophikira n'kudzinamiza. Gasi atsike mtengo ndipo azigulitsidwa pang'onopang'ono, monga timagulira makala a m'kajumbo, chifukwa wa ganyu sangadzaze botolo lonse kamodzi. Makala ovomerezeka, ochokera m'minda ya mitengo yobzala, afike m'misika ya m'makomboni, asamangopezeka m'masitolo a anthu a magalimoto. Ndipo ife tomwe, mbaula zosunga moto zilipo, thumba limene limatha sabata ziwiri likhoza kukhalitsa. Kuviika nyemba usiku si manyazi.

Pomaliza, inu andale. Nthawi ya kampeni mumadzaza Njamba n'kulonjeza misewu, milatho ndi masitediyamu. Sindinamvepo wina akulonjeza phiri. Mwina n'chifukwa choti mtengo suvota. Koma amene anakwiririka ku Chilobwe anali ovota, ndipo amene akugona patsinde pa Michiru, Bangwe ndi Ndirande usiku uno ndi ovota. Khansala wa dera lanu mukakumana naye pamaliro kapena pamsika, mufunseni mwaulemu kuti bwana, chigawo chathu cha phiri ndi chiti, ndipo akuchilondera ndani? Akayamba kuloza kwina, lembani dzina lake pamtima.

Makolo athu anauzidwa kuti mitengo ndi ya boma, ndipo anakhulupirira. Koma tsiku limene phiri linatsika, matope sanapite ku Capital Hill. Analowa m'zipinda zathu. Chakudza sichiimba ng'oma, abale, ndipo mvula ikubweranso.

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola.